Tifunse Zakale: Kalata ya Agogo Yopita ku Boma

Ndikulemba ndili pansi pa mtengo wa nimu kuno ku Bangula, chifukwa m'nyumba simukukhalika. Dzuwa la Okutobala la kuchigwa kuno mukulidziwa nonse. Mwezi uno ndasankha makalata anayi. Yoyambayo ndiyo yadzutsa zonse, enawo ndinawasunga kalekale m'kabati kudikira tsiku loti ndiwayankhire pamodzi.

FUNSO: Aphunzitsi, madzi atalowa m'nyumba ya amayi chaka chatha tinatsegula bokosi lachitsulo la malemu agogo, bambo awo a amayi, kuti tiyanike zimene zinali m'katimo. Pansi pa Baibulo tinapeza pepala lolembedwa pamanja m'Chingerezi, la chaka cha 1927. Mwana wanga wa Fomu 4 wandimasulira. Agogo ankalembera bwana wa pa boma, kupempha kuti amayi amene amuna awo anapita kukagwira ntchito kunja asamagwidwe chifukwa cha msonkho wa amuna awowo. Pamenepo ndakondwa. Koma mawu ake andichititsa manyazi. Akuyamba ndi kuthokoza boma chifukwa cha mtendere, akuti ife ndife ana a Mfumu ya ku England, ndipo kumapeto akuti "ndine wantchito wanu womvera." Kodi agogo anali munthu wogwadira azungu? Ndiwauze chiyani ana anga? Ndine mayi wa kwa Tengani, Nsanje.

YANKHO: Mayi, pepani ndi madziwo, ndipo zikomo kuti pepalalo simunakolezere moto monga achitira ambiri akapeza mapepala akale. Manyaziwo achotseni lero lomwe.

Ndiyambe ndi mawu omalizirawo, popeza ndi amene akubayani kwambiri. Mwana wanu wawamasulira bwino, koma pali chimene sanauzidwe kusukulu. Mawu amenewo sanali a agogo anu okha. Kalata iliyonse ya boma la Angerezi inkatsekedwa choncho. Bwanamkubwa ku Zomba akamalembera nduna yoyang'anira maiko a atsamunda ku London ankadzitchula wantchito womvera. Mlembi wamkulu wa boma akamayankha kalata ya munthu wakuda, ngakhale pomukanira zimene wapempha, ankasainira pansi pa mawu omwewo. Agogo anu anaphunzira kalembedwe ka eni ofesiyo, nalowa nako pakhomo pawo.

Inu mwakhalapo pabwalo la mfumu. Munthu wobwera ndi mlandu wowawa safika ali chiimire n'kuyamba kuloza zala. Amakhala pansi, amaomba m'manja, amalonjera nyakwawa ndi akuluakulu onse, kenako ndiye amatula zimene zamubweretsa. Ndani pakati pathu anganene kuti kuomba m'manjako kwatha mlandu? Anthu amamvera mawu obwera pambuyo pake. Kalata ya agogo muiwerenge chimodzimodzi. Dumphani malonje, muone chimene chili pakati. Pakatipo pali munthu wa kumudzi akuuza mzungu wolamulira dera lonse kuti zimene amesenjala ake akuchita n'zolakwa.

Mawu oti "ana a Mfumu" nawo anali ndi ntchito yake. Mfumu ya ku England nthawi imeneyo inali George V, ndipo boma linkalalikira ponseponse kuti linabwera kudzateteza anthu, kuti dziko lino silinalandidwe koma likungosungidwa. Olemba makalata anagwira mawu omwewo n'kuwabweza kwa eni ake. Ngati ndife ana a Mfumu, bwanji akazi athu akugona pa boma ngati akuba? Ngati munabwera kudzatiteteza, chitetezocho chili kuti? Bwana wolandira kalata yotere sakanatha kuitcha yopanduka, chifukwa mawu aliwonse anali aulemu, komanso sakanatha kunena kuti sanamve.

Tsopano taganizani chaka chimenecho. Msonkho unali masheleni 6 pachaka. Amuna ambiri anali atapita ku Halale, ku migodi ya ku Johannesburg, ena kuminda ya nzimbe ya m'mbali mwa Zambezi. Ena ankatumiza ndalama, ena anatchona osamvekanso. Nthawi yotolera msonkho ikafika, mwamuna akasowa, amene ankagwidwa ndi mkazi, n'kukasungidwa kufikira abale atapeza ndalamazo. Khalidwe limeneli linadandaulidwa m'madera ambiri a dziko lino. Agogo anu anaona ndi maso awo, mwina kwa mlongo wawo kapena kwa mkazi wa mnzawo, ndipo anakhala pansi n'kutenga inki.

Sikunali kopepuka kutero. Panali patangopita zaka 12 chichitikire nkhondo ya John Chilembwe, ndipo munthu wakuda wodziwa kulemba Chingerezi ankayang'anidwa ndi diso lokayikira. Chaka chimodzi chokha kalata ya agogo isanalembedwe, mu 1926, Isa Macdonald Lawrence anaweruzidwa kukagwira ukaidi zaka 3 chifukwa cholowetsa m'dziko muno nyuzipepala ya Negro World ya gulu la Marcus Garvey ndi ya Workers' Herald ya bungwe la apantchito limene Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay anayambitsa ku South Africa. Mapepala okha, zaka zitatu. Mphunzitsi kapena kalaliki aliyense wosaina dzina lake pansi pa dandaulo ankadziwa kuti ntchito ikhoza kutha mawa lake.

Ndipo njira ya kalatayo inali yopapatiza. Munthu sankaloledwa kulumpha bwana wa pa boma lake n'kulembera Bwanamkubwa mwachindunji. Kalata inkaperekedwa kwa mesenjala pakhomo, n'kufika kwa kalaliki, n'kufika pa tebulo la bwana. Iye akafuna ankaitumiza kwa mkulu wa chigawo ku Blantyre ataikapo maganizo ake, uyo n'kuipititsa kwa mlembi wamkulu ku Zomba. Akapanda kufuna, inkathera pomwepo. Ndiye kuti amene mukumudandaula ndi yemweyo wogwira chitseko. M'pamene mungamvetse chifukwa chake mzere woyamba unkayenera kukhala wothokoza.

Chinthu china chimene chandikhudza m'nkhani yanu n'choti pepalalo linali m'bokosi. Kalata yeniyeni inapita ku boma, ndiye imene muli nayoyo ndi kope limene agogo analemba kachiwiri n'kusunga. Munthu wamantha sasunga umboni wa zimene walemba. Anasunga kuti tsiku lina bwana akadzati sindinalandire kanthu, iwo adzatulutse. Ana anu muwauze zimenezo, ndipo muwawerengere ndime ya pakatiyo mokweza.

FUNSO: Aphunzitsi, kusukulu timaphunzira za Chilembwe amene anamenya nkhondo, komanso za mabungwe amene ankangolemba makalata. Ine ndimaona ngati a makalatawo ankangotaya nthawi. Alipo malamulo amene anasintha chifukwa cha kalata? Ndine mnyamata wa Fomu 3 ku Nchalo.

YANKHO: Mwana wanga, wafunsa bwino, koma ukulekanitsa Chilembwe ndi olemba makalata ngati kuti ndi anthu a mitundu iwiri. Chilembwe naye anayamba ndi cholembera.

Nkhondo yaikulu itayamba mu 1914, ija makolo ankaitcha ya Chiwaya, asilikali akuda anafa ku Karonga mu Seputembala pomenyana ndi Ajeremani. Mu Novembala Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times. Anakumbutsa boma kuti anthu a dziko lino anakhetsa kale magazi pa nkhondo zosawakhudza. Anati kunkhondo kupite eni chuma, eni masitolo ndi eni minda, osati amphawi amene akafa amangosiya akazi amasiye ndi ana amasiye opanda kanthu. Anatsiriza ndi chiyembekezo choti tsiku lina boma lidzazindikira anthu ake. Boma linaletsa kalatayo kuti isafalitsidwe. Patangopita miyezi iwiri, usiku wa pa 23 Januwale 1915, anthu ake anaukira ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, mzungu woyang'anira minda ya kumeneko, ndipo Chilembwe mwini anaphedwa pa 3 Febuluwale. Ukamaona nkhope yake pa K500, uzikumbukira kuti mfuti inabwera pambuyo pa kalata yosayankhidwa.

Asanalembe iye analipo ena. Joseph Booth, mmishonale amene anapita ndi Chilembwe ku America, anayendetsa chikalata mu 1899 chopempha Mfumukazi Victoria kuti msonkho wa nyumba uzigwira ntchito ya maphunziro a anthu akuda, ndiponso kuti dziko lidzabwezedwe kwa eni ake pakapita zaka 21. Boma linamuthamangitsa. Charles Domingo, amene anaphunzira ku Livingstonia, analemba makalata cha m'ma 1911 onena kuti boma, makampani ndi amishoni onse akumuona munthu wakuda ndi diso limodzi lonyoza.

Nkhondo ya Chilembwe itatha, boma linakhazikitsa komiti yofufuza chimene chinayambitsa. Anthu akuda ophunzira anaperekera umboni, ena pakamwa, ena polemba. Anatchula thangata, chikoti, msonkho, ndi lamulo losalembedwa loti munthu wakuda avule chipewa akaona mzungu ngakhale mzunguyo sabweza moni. Lipoti linatuluka mu 1916. Mu 1917 panabwera lamulo loti eni minda asamakakamize anthu okhala pa malo awo kulipira lendi ndi ntchito, koma eni mindawo analinyalanyaza, boma n'kuyang'ana kumbali. Mu 1928 panabwera lina. Thangata anathetsedwa mu 1962. Werengera wekha zaka zimenezo.

Tsopano mabungwe aja. Loyamba linali North Nyasa Native Association ku Karonga mu 1912, mlembi wake Levi Mumba. Kenako West Nyasa mu 1914, Mombera mu 1920, la chigawo cha kummwera mu 1923, ndipo mu 1924 a kumpoto ogwira ntchito ku Zomba anapanga komiti yoimira mabungwe akwawo pafupi ndi likulu. Anali aphunzitsi, abusa, makalaliki ndi mafumu ena. Ankakumana, kukambirana, kulemba mfundo za msonkhano n'kuzitumiza ku boma. Ankapempha sukulu za boma, malipiro abwino, zipatala, misewu, kutolera msonkho mwaulemu, ndi mpando wa munthu wakuda mu nyumba ya malamulo. Nyumba imeneyo inakhazikitsidwa mu 1907 n'kuyamba kukumana mu 1908, ndipo wolankhulira anthu akuda m'menemo anali mmishonale, poyamba Alexander Hetherwick wa ku Blantyre, kenako Robert Laws wa ku Livingstonia.

Kodi chinasintha n'chiyani? Ndikuuze zoona, zinthu zinayenda ngati bilimankhwe. Msonkho wa mitundu iwiri, wa masheleni 8 kwa amene sanagwire ntchito kwa mzungu ndi masheleni 4 kwa amene wagwira mwezi umodzi, unathetsedwa mu 1921, onse n'kumalipira masheleni 6. Boma limene kwa zaka zambiri linkangopereka mapaundi 1,000 pachaka kwa amishoni onse kuti aphunzitsire dziko lathunthu linatsegula nthambi ya maphunziro mu 1926. Sekondale yoyamba, ya Blantyre, inatsegulidwa mu 1940. Anthu akuda oyamba, Ernest Alexander Muwamba ndi Ellerton Mposa, analowa mu nyumba ya malamulo mu 1949, patapita zaka 41 chiyambire kukumana. Sindinganene kuti makalata okha ndiwo anachita zonsezi. Boma linkasuntha likaona kuti nalo lipindula, kapena London ikafunsa mafunso. Azungu a minda nawo ankalemba makalata kudzera m'bungwe lawo la zaulimi ndi malonda, ndipo awo ankayankhidwa msanga.

Koma ngati makalatawo anali opanda mano, bwanji m'zaka za m'ma 1930 boma linalamula kuti mabungwewa azidutsitsa madandaulo awo kwa mafumu osati kulembera ku Zomba? Munthu satsekera khomo chinthu chosamuvutitsa.

Ine phindu lalikulu ndimaliona kwina. M'zaka zimenezo anthu anaphunzira kuyendetsa msonkhano, kusunga mabuku, kuwerenga lamulo n'kupeza pamene likudzitsutsa, ndi kudziwana Mtonga ndi Mngoni ndi Myao kudzera pa positi. Pamene James Frederick Sangala, yemwe ali pa K100, anaitana mabungwe onse kuti akhale amodzi, panabadwa Nyasaland African Congress mu 1944, ndipo pulezidenti wake woyamba anali Levi Mumba yemwe uja wa bungwe la ku Karonga. Anamwalira mu Januwale 1945, miyezi yochepa atasankhidwa. Zaka zoposa 30 za moyo wake anazithera pa makalata amene iwe ukuti anali otaya nthawi, ndipo zimandiwawa kuti ana ambiri a sukulu dzina lake amangolilowezera mayeso.

FUNSO: Aphunzitsi, mayina onse amene timamva pa nkhani zimenezi ndi a kumpoto, a ku Chiradzulu, a ku Zomba. Ife a Chikwawa ndi Nsanje tinali kuti? Kodi makolo athu anangokhala chete? Ndine bambo wa ku Ngabu.

YANKHO: Bambo, funso limeneli linandivutitsa inenso zaka zambiri ndili pa ntchito. Kalata ya mayi wa kwa Tengani ija yayankha kale mbali ina, koma tiyeni tilowe m'kati.

Kulemba kalata ya Chingerezi kumafuna sukulu, ndipo sukulu zazikulu sizinamangidwe kuno. Amishoni oyamba analawa chigwa chathu n'kuthawa. Bishopu Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, anzake anakhala kwa Chibisa kanthawi, ena anafera komweko, otsala n'kuchoka. Obwera pambuyo anakwera kumapiri: Blantyre mu 1876, ndipo kumpoto sukulu yaikulu ya ku Khondowe inatsegulidwa mu 1894. Kuno tinakhala ndi Lulwe ndi Chididi, nazonso pamwamba pa mapiri, kenako Akatolika, koma maphunziro ake anali a m'munsi. Ndiye kalaliki amene makolo athu ankamupeza pa boma la Port Herald (Nsanje ya lero), la Chiromo kapena la Chikwawa kawirikawiri anali mlendo wochokera kumtunda.

Komatu kusintha kwa kayendetsedwe ka boma kunatigwera ifenso pamutu. Lamulo la 1912 linapatsa bwana mphamvu yosankha mafumu aakulu oyang'anira magulu a midzi, oti azithandiza kutolera msonkho ndi kupeza anthu a ntchito. Ku Chikwawa boma linadalira mabanja a Amakololo amene anatsalira kuno pa maulendo a David Livingstone, monga Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mulilima, pamene ufumu wakale wa Lundu unasiyidwa pansi kufikira unadzakwezedwa pambuyo pa ufulu. Kummwera kunali Tengani ndi anzake. Mu 1933 mafumu anapatsidwa makhoti ndi mphamvu zoika malamulo ang'onoang'ono. Pa zonsezi panali mikangano yoopsa ya kuti wamkulu ndani, malire ali pati, dimba ili n'la yani. Makolo athu analankhula kwambiri, koma analankhula pakamwa, pakhonde la boma, kudzera mwa womasulira. Mawu awo analowa m'mabuku a boma ndi dzanja la bwana, m'Chingerezi cha bwana, ofupikitsidwa monga anafunira bwana. N'chifukwa chake simuwaona pansi pa siginecha.

Ankayankhanso ndi mapazi ndi khasu. Chigwa chathu chili pamalire, ndipo munthu akapanikizika tsidya lino ankawoloka, akapanikizika uko ankabwerera. Mu 1917, pa nkhondo ya Makombe kwa Apwitikizi, anthu zikwizikwi anathawira kuno, ndipo ambiri a ife Asena mizu yathu ili m'maulendo oterowo. Thonje nalo linali ndi chilankhulo chake. Linkathandiza mwamuna kulipira msonkho osachoka pamudzi, ndipo kuyambira 1923 bungwe la British Cotton Growing Association linapangana ndi boma kuti ndilo lizigula thonje la alimi a m'midzi pa mtengo woikiratu. Mtengo ukakhala wabwino, minda inkayera. Ukagwa, anthu ankabwerera ku mapira ndi mchewere, ndipo boma linkamva msanga kuposa mmene likanamvera kalata. Zonsezi zinasokonekera m'zaka za m'ma 1930 pamene Shire anadzadza n'kumiza madimba ambiri.

Palinso ichi chimene anthu sachiganizira. Pafupifupi makalata onse opita ku London, a Bwanamkubwa, a amishoni, a Booth ndi anzake, ankadutsa pakhomo pathu. Poyamba ankayenda pa sitima za pamadzi kutsika Shire ndi Zambezi mpaka ku Chinde. Njanji ya pakati pa Port Herald ndi Blantyre itatha mu 1908 anayamba kuyenda pa sitima ya pamtunda, ndipo madzi a Shire atachepa njanjiyo inatalikitsidwa kufika ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, mu 1915. Mlatho wa pa Zambezi ku Sena unatsegulidwa mu 1935. Amene ankasenza matumba a makalatawo kuchoka m'ngalawa kupita m'bogi anali makolo athu.

Agogo anga aamuna anali mmodzi wa iwo, pa Chiromo. Pa nkhondo ya Chiwaya anatengedwa kukakhala mtengatenga, n'kubwerako ali ndi chilonda cha pamwendo chimene sichinapole bwino moyo wawo wonse. Sankadziwa kuwerenga ngakhale chilembo chimodzi. Koma ndikukumbukira kabango kawo, kotalika ngati chikhatho, kotseka ndi chitsononkho, kamene kankakhala kudenga pamwamba pa chitseko. M'katimo munali zitupa za msonkho zokulungidwa chimodzi pamwamba pa chinzake, zina zofiirira ndi utsi. Ndili mwana ankandituma kukatsitsa, n'kumandiuza kuti ndiwawerengere zaka, iwo n'kumavomera ndi mutu chaka chilichonse, ichi cha dzombe, ichi cha madzi. Pakati pa zitupazo panali kapepala kena. Anandifotokozera kuti atabwera kunkhondo, iwo ndi anzawo anayi anapita kwa mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi atanyamula nkhuku, kuti awalembere kalata yopempha kuti olumala kunkhondo asamalipire msonkho. Iwo ankanena m'Chimang'anja, mphunzitsi n'kumalemba. Aliyense anaika mtanda pafupi ndi dzina lake. Kapepalako kanali kongosonyeza kuti kalata inalandiridwa. Yankho silinabwere, ndipo zitupa za zaka zotsatira zinali momwemo m'kabangomo, zolipiridwa zonse.

Kabango kameneko kanapita ndi madzi ine ndili ku koleji. Ndimakaganizira nthawi iliyonse munthu akandiuza kuti a kuchigwa anali chete.

FUNSO: Aphunzitsi, munthu akafuna kuona makalata akale amenewa ndi maso ake angapite kuti? Nanga amene tili nawo m'nyumba tingawasunge bwanji? Ndine mphunzitsi wa pulayimale ku Makhanga.

YANKHO: Anzanga, pitani ku Zomba, ku nyumba yosunga mbiri ya dziko ya National Archives of Malawi. Mukafunse mafailo a ofesi ya mlembi wamkulu okhudza mabungwe a anthu akuda, komanso mabuku a maboma a Lower Shire, Ruo ndi West Shire, chifukwa Nsanje, Chiromo ndi Chikwawa ankatchedwa choncho m'mapepala. Mukatchula mayina a lero okha mudzavutika. Dziwaninso kuti mu 1919 maofesi a boma ku Zomba anapsa ndi moto, ndipo mapepala ambiri a zaka zoyambirira anathera pamenepo, kotero zochuluka zimene mudzapeze n'za pambuyo pa chaka chimenecho. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala nayo ili ndi mabuku ndi zithunzi zakale.

Za m'nyumba, inu a ku Makhanga mukudziwa kuposa ine zimene madzi a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anachita. Choyamba jambulani pepala lililonse ndi foni, kutsogolo ndi kumbuyo, masana pamthunzi, n'kutumiza zithunzizo kwa abale awiri kapena atatu okhala kumtunda. Pepala lonyowa musaliyanike padzuwa, inki imafufuta. Liyaleni pamthunzi pakati pa mapepala oyera ouma, muzisintha mapepalawo mpaka liume. Musalimate ndi selotepi, ndipo musapite nalo kokalimata m'pulasitiki ndi makina otentha aja, chifukwa silidzatulukamonso. Likauma liikeni m'envulopu, envulopuyo m'chigubu chotseka bwino, chigubucho pamwamba, pafupi ndi pamene mumaika ziphaso zothawa nazo.

Mayi a kwa Tengani, inunso chitani chimodzimodzi sabata ino mvula isanayambe. Pojambula mutembenuze pepalalo muone kumbuyo, ndi m'mphepete momwe. Olemba a nthawi imeneyo kawirikawiri ankalembapo ndi pensulo tsiku limene anapereka kalata ndi dzina la mesenjala amene anailandira. Mukapezapo kanthu, nditumizireni chithunzi kudzera kwa akonzi.